Nyumba yatha, nanga chitsulo cha earth chili pati?

Ambiri a ife amene tili kuno ku Joni tili ndi nyumba imene ikumangidwa kumudzi. Wina akumanga ku Mzimba, wina ku Mangochi, wina ku Area 25 kapena ku Chirimba. Mwezi ukatha timatumiza ndalama, ndipo abale amatibwezera zithunzi: njerwa zafika pa windo, malata akhomedwa, matailosi aikidwa. Pa foni timakambirana za mtundu wa penti ndi kukula kwa geti. Koma ndi ochepa amene amapempha chithunzi cha kachitsulo kamene kamakhomedwa pansi kuseri kwa nyumba, kamene amisiri a zamagetsi amakatchula kuti earth rod, ndipo kuno ku South Africa ambiri amati earth spike.

Chitsulochi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi malata kapena simenti. Chikakhomedwa sichionekanso, ndipo mlendo sangachiyamikire. Komabe m'nyumba imene mukalowa mayi athu okalamba, ana athu ndi adzukulu, chitsulo chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimasiyanitsa kungodzidzimuka ndi maliro. N'chifukwa chake taona kuti n'kofunika tikambirane za malo ake, kakhomedwe kake ndi kasamalidwe kake, kuti tikamalankhula ndi mmisiri tizidziwa chofunsa.

Ntchito yake ndi yotani?

Magetsi a m'nyumba, kuno ngakhalenso ku Malawi, amabwera ndi mphamvu ya ma volt 230. Amalowa kudzera pa waya wamoto n'kubwerera kudzera pa waya wa neutral. Zonse zikakhala bwino, thupi lachitsulo la kuka, firiji, giza kapena ketulo silikhudzana ndi magetsi. Koma zinthu zimakalamba. Khoswe amatafuna nthambo, chitsulo chotenthetsera madzi m'giza chimang'aluka, waya amasupuka n'kukhudza thupi la kuka. Pamenepo chipangizo chonse chimakhala chamoto, chikudikira munthu woyamba kuchigwira.

Magetsi otayika chotere amafuna njira yobwerera ku thiransifoma kumene anachokera, ndipo dothi ndi njira imodzi, pakuti thiransifomayo inalumikizidwanso ku nthaka. Munthu amene waima wopanda nsapato pa simenti yonyowa akagwira kuka uja, thupi lake limasanduka mlatho. Waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu uja, ntchito yake ndi kupatsa magetsiwo njira ina yachidule. Amachoka pa thupi la chipangizo, kudutsa pa soketi, kukafika ku bokosi la magetsi la DB, ndipo kuchoka pamenepo amatsikira ku chitsulo cha m'dothi. Zili ngati ngalande imene timakumba kuseri kwa nyumba kuti madzi a mvula asadzere pakhomo.

Chitsulo pachokha sichikwanira

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Dothi silipereka njira mwaulere, limakaniza, ndipo kukanizako amakuyeza mu ma ohm. Chitsulo cha mamita 1.2 chokhomedwa m'dothi labwino lachinyezi chikhoza kupereka ma ohm pafupifupi 70. Tikagawa 230 ndi 70 tipeza kuti magetsi amene angadutse pamenepo ndi ma amp atatu okha ndi pang'ono. Breaker wa masoketi wa ma amp 20 sangagwe ndi magetsi ochepa chonchi, amangoona ngati wina wayatsa ayironi. Choncho kuka uja apitiriza kukhala wamoto ngakhale chitsulo chilipo.

Pamene breaker sakumva kanthu, thupi la munthu limamva msanga. Gawo limodzi mwa magawo 1,000 a amp, limene amati milliamp, munthu amalimva kale ngati kunyerenyesa. Akafika ma milliamp 10 kapena kuposerapo pang'ono, dzanja limafumbata lokha ndipo munthu amalephera kusiya chimene wagwira. Akapitirira 30 n'kukhalitsa, kupuma ndi kugunda kwa mtima kumasokonezeka. Munthu wonyowa akagwira ma volt 230, m'thupi mwake mukhoza kudutsa ma milliamp oposa 200.

Mnzake wa chitsulo cha earth ndiye ndi kachipangizo kamene kuno timakadziwa kuti earth leakage, ndipo ku Britain amati RCD. Kamakhala mu DB, ndipo kali ndi batani lolembedwa kuti test. Iko kamayerekeza magetsi amene alowa ndi amene abwerera. Kusiyana kukafika ma milliamp 30, kamadziwa kuti ena athawira kwina, ndipo kamazimitsa sekondi isanathe. Chitsulo chimapereka njira yoti magetsi athawire, earth leakage imaona kuthawako n'kuzimitsa munthu asanagwire n'komwe. Mutu umodzi susenza denga, ziwirizi zimadalirana.

Kachipangizoka kali ndi mbiri yake m'dziko lino. Mu 1955 injiniya wina dzina lake Henri Rubin, amene ankagwira ntchito ku Alberton pafupi ndi Johannesburg, anakonza chipangizo chozimitsa magetsi otayika pofuna kuteteza anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide, migodi yomweyo imene agogo athu ankabwerera pa Wenela. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba mwake ku mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zipangizo zotere zinaikidwa m'nyumba za kumeneko mu 1957 ndi 1958. Lero malamulo a kuno a SANS 10142-1 amafuna kuti masoketi a m'nyumba azitetezedwa ndi earth leakage. Chinthu chimene chinayambira pa migodi imene makolo athu anakhetserapo thukuta sichiyenera kusowa m'nyumba zimene tikumanga ndi thukuta lathu.

Kusankha malo

Mmisiri waulesi amakhoma chitsulo pamene pali pafupi ndi dzanja lake, nthawi zambiri mphepete mwenimweni mwa khoma, pansi pa denga. Malo amenewa ndiwo oipa kuposa onse. Dothi la mphepete mwa maziko ndi lokwirira, lodzaza zidutswa za njerwa, miyala ndi zotsala za simenti, ndipo siligwira chitsulo mothina. Komanso denga ndi khonde zimatchinga mvula, kotero dothi la pamenepo limakhala louma chaka chonse. Dothi louma limakaniza magetsi kwambiri.

Chitsulo chimafuna dothi lachilengedwe, losakumbidwapo, limene mvula imafikapo. Ndi bwino chitalikire khoma ndi mita imodzi kapena kuposerapo, kunja kwa pamene madzi a padenga amagwera, koma chisakhale kutali ndi DB kuti waya wake akhale wamfupi ndi wosapindapinda. Mbali ya nyumba imene imakhala ndi mthunzi ndi chinyezi imaposa mbali imene dzuwa limawomba tsiku lonse.

Mtundu wa dothi nawo ndi nkhani. Makande ndi katondo zimasunga chinyezi ndipo zimapereka njira yabwino. Mchenga ndi nsangalabwi zimakaniza kwambiri, mwina kakhumi kuposa katondo. Chitsulo chimene chapereka ma ohm 70 m'dothi labwino chikhoza kupereka mazana angapo mumchenga wa kunyanja. Amene akumanga ku Salima, Nkhotakota kapena Mangochi pafupi ndi gombe asadabwe mmisiri akapempha zitsulo zingapo, si kuti akufuna kuwadyera.

Pali malo ena oyenera kuwapewa. Musakhome panjira imene anthu amadutsa kapena pamene ana amasewera, chifukwa pa nthawi ya vuto dothi lozungulira chitsulo limakhala ndi magetsi. Pa chifukwa chomwecho, chisakhale pafupi ndi khola, pakuti ng'ombe ndi mbuzi zimavulala msanga ndi magetsi a m'dothi kuposa munthu. Musachiike m'dimba mmene khasu lidzadula waya, kapena padzala ndi potayira phulusa pamene chitsulo chidzadyeka msanga. Ndipo nyundo isanayambe kugunda, mmisiri adziwe pamene padutsa mapaipi a madzi, mapaipi a kuchimbudzi ndi nthambo zokwiriridwa. Chitsulo chosongoka sichisankha chobowola.

Kugula ndi kukhoma

Chitsulo chabwino mkati mwake ndi cholimba kuti chipirire nyundo, ndipo kunja chinakutidwa ndi mkuwa wokhuthala pafupifupi kota ya milimita. Zambiri zimakhala zonenepa mamilimita 16, ndipo kutalika kwake kumayambira mamita 1.2 mpaka 2.4. M'misika muli zina zotchipa zimene anangozipaka utoto wooneka ngati mkuwa. Kukanda ndi mpeni pang'ono chitsulo chakuda chimaonekera, ndipo m'dothi sichichedwa kuchita dzimbiri. Chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba chimene chatsala pa lintala si earth rod, ngakhale wina atalumbira motani.

Chimene chimathandiza ndi kuya, osati kunenepa. Kunenepetsa chitsulo kawiri kumangochepetsa ma ohm ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, pamene kuchitalikitsa kawiri kumawachepetsa pafupifupi ndi theka. M'dothi lomwe lija la ma ohm 70, chitsulo cha mamita 2.4 chimatsika kufika cha m'ma 40. Phindu lina ndi lakuti pansi kwambiri chinyezi sichitha ngakhale m'chilimwe. Zitsulo zina zili ndi mazinga kumapeto kuti china chilumikizidwe pamwamba n'kupitiriza kukhoma.

Chitsulo chikakumana ndi thanthwe, pali chinyengo chodziwika: mmisiri amadula chotsala pamwamba ndi sowo, n'kukwirira, ndipo mwini nyumba amaganiza kuti chonse chalowa. Njira yoyenera ndi kuchizula n'kuyesa pena, kuchikhoma mopendekeka, kapena kukumba ngalande yakuya kuposa theka la mita n'kugoneka waya wamkuwa wosakutidwa kapena chitsulocho m'menemo. Ngati pakufunika zitsulo ziwiri kapena zitatu, zitalikirane ndi mtunda wosachepera kutalika kwa chitsulo chimodzi, ndipo kuwirikiza kawiri n'kwabwino koposa. Zitsulo ziwiri zokhomedwa moyandikana zimalimbirana dothi lomwelo ndipo zimagwira ntchito ngati chimodzi.

Nanga za mchere ndi makala?

Aliyense amene anamangitsapo nyumba kumudzi anamvapo mmisiri akuitanitsa thumba la makala ndi mchere. Mwambowu uli ndi maziko ake. Mchere ukasungunuka umathandiza dothi kudutsitsa magetsi, ndipo makala amasunga chinyezi. Tsiku loyeza, manambala amaoneka okongola. Vuto ndi lakuti mvula ya zaka zochepa imakokolola mchere uja, ma ohm n'kukweranso mwini nyumba osadziwa, ndipo pa nthawi imene mcherewo ulipo umadya chitsulo ndi polumikizira pake. Kumene dothi ndi lovuta, njira yokhalitsa ndi kuwonjezera kuya, kuwonjezera zitsulo, kapena kuthira dongo la bentonite limene limasunga chinyezi popanda kudya mkuwa. Kuthirira madzi pa chitsulo mmawa wa tsiku loyeza ndi kudzinamiza tokha.

Kuchiteteza

Earth yambiri simafera pansi, imafera pamwamba, pamene waya akumana ndi chitsulo. Waya wongokulungiza ndi pulayala amamasuka, amachita dzimbiri, ndipo pakapita nthawi amangokhala chokongoletsa. Pamafunika chomangira chake chamkuwa chokhala ndi bawuti, chomangidwa mothina, kenaka n'kupakidwa girisi kapena kukulungidwa ndi tepi yotchinga chinyezi. Waya wa aluminiyamu asalumikizidwe ku mkuwa, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakumana pachinyezi zimadyana.

Mutu wa chitsulo usasiyidwe uli njo pabwalo kuti anthu azipunthwapo, komanso usakwiriridwe ndi simenti mpaka kuiwalika. Umafunika kabokosi kake kapansi, ka pulasitiki kogula kapena komanga ndi njerwa zochepa, kokhala ndi chivindikiro chofanana ndi nthaka. Motero mmisiri akhoza kutsegula, kuona ndi kuyeza chaka chilichonse. Amene mukufuna kudzawaka simenti kapena kuyala njerwa pabwalo lonse, uzani omanga kuti kabokosika asakatseke.

Waya wochoka ku DB adutse m'paipi, pakhoma ndi pansi pomwe, kuti khasu, chikwanje ndi makoswe zisamupeze. Akhale wathunthu, wopanda mfundo panjira. Kunenepa kwake amawerengera ndi mmisiri, koma malamulo a ku Britain a BS 7671 amati waya wamkuwa wokutidwa amene wakwiriridwa popanda paipi asachepere 16 mm². Malamulo omwewo amafuna kuti polumikizira pakhale kachikwangwani kochenjeza kuti pasachotsedwe. Kwathu kuli chifukwa chinanso chobisira waya: mkuwa uli ndi msika kwa ogula zitsulo zakale. Nyumba imene imakhala yotseka mwini wake ali ku Joni ikhoza kutaya waya wake wa earth usiku umodzi, magetsi n'kumayakabe bwinobwino, popanda aliyense kuzindikira.

Kale anthu ankamangirira earth ku paipi ya madzi. Masiku ano mapaipi ambiri ndi a pulasitiki, ndipo ngakhale achitsulo amakhala ndi zigawo za pulasitiki pamene anakonzapo. Paipi ya madzi si earth yodalirika, ndipo ya gasi ndiye isayerekezedwe n'komwe. Tidziwenso kuti earth rod si chotchingira mphenzi. Chitetezo cha mphenzi chili ndi zitsulo zake padenga ndi m'dothi, ndipo pamene zonse zilipo, mmisiri wodziwa amazilumikiza pamodzi.

Kuyeza

Maso sangaone ngati earth ili bwino. Babu woyaka pakati pa waya wamoto ndi chitsulo si umboni. Mmisiri weniweni amakhala ndi makina oyezera, amakhoma tizitsulo tiwiri tapadera patali ndi chitsulo chachikulu, ndipo makinawo amapereka nambala ya ma ohm. Nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino. Malamulo a BS 7671 amachenjeza kuti ikapitirira 200, earth yotero ikhoza kukhala yosakhazikika, chifukwa nyengo ikasintha imakwera kwambiri.

Nthawi yabwino yoyezera kumudzi ndi mu Okutobala, dothi litauma gwa mvula isanayambe. Earth imene yakhoza m'mwezi umenewu idzakhoza chaka chonse, pamene yoyezedwa mu Febuluwale ikhoza kunamiza. Batani la test pa earth leakage nalo lizidinidwa pa miyezi itatu iliyonse. Likadinidwa magetsi osazima, itanani mmisiri tsiku lomwelo. Ndipo ngati earth leakage ikugwa pafupipafupi, ikunena kuti pena pake pali vuto. Kuilambalala ndi waya kuti isamavutitse kuli ngati kupha galu chifukwa wauwa wakuba.

Kuno kumene tikukhala

Nkhaniyi si ya kumudzi kokha. M'matauni ambiri a kuno, earth ya nyumba imachokera kwa Eskom kapena kwa masipala kudzera pa nthambo yobweretsa magetsi, choncho si nyumba iliyonse imene ili ndi chitsulo chake. Koma ambiri a ife, kuphatikizapo ophunzira, timachita lendi m'zipinda za kuseri kwa nyumba yaikulu, kumene magetsi amafika pa nthambo yongokokedwa, nthawi zina ya mawaya awiri okha. M'chipinda chamalata chotere, nthambo ikasupuka pa lata, khoma lonse limagwira moto. Ngati mpopi, chitseko kapena sitovu ikunyerenyesa mukaigwira, musazolowere. Uzani mwini nyumba mwamsanga, ndipo ana asayandikire mpaka pakonzedwe. Malamulo a kuno a 2009 amafuna kuti mwini malo akhale ndi Certificate of Compliance yoperekedwa ndi mmisiri wolembetsedwa ku boma, ndipo wochita lendi sakulakwa akaifunsa. Paja safunsa anadya phula.

Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2022 ndi 2023 kunachititsa mabanja ambiri kugula ma inveta, sola ndi majenereta, ndipo ena a ife tinatumizanso zoterezi kumudzi. Magetsi a kampani akazima, nyumba n'kuyamba kudya a inveta, kulumikizana kwa neutral ndi earth kumene kunali ku mbali ya kampani kukhoza kuduka, ndipo earth leakage singagwire ntchito moyenera. Pamenepa pamafunika chitsulo cha m'dothi ndi kalumikizidwe kapadera kamene kangachitidwe ndi mmisiri wodziwa yekha.

Palinso katundu amene timakweza pa basi popita kumudzi. Mapulagi a kuno ali ndi mano ozungulira, pamene masoketi a ku Malawi amalandira mano a makona. Firiji ikafika, ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi, waya wobiriwira uja n'kumangolendewera. Ena amagula adaputa ya mano awiri. Zikatero, chitsulo cha kuseri kwa nyumba, ngakhale chikhale chabwino motani, sichikuteteza firijiyo. Pulagi ya mano atatu yolumikizidwa bwino mawaya onse atatu ndiyo imamaliza unyolo wonse.

Zofunsa ndalama yomaliza isanatumizidwe

Kukhala kutali sikutiletsa kuyang'anira. Choyamba, mmisiri akhale ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu ku Malawi, osati mnyamata amene anangoonerera ena akugwira ntchito. Chachiwiri, m'bale wodalirika ajambule chitsulo chisanakhomedwe, tepi yoyezera ili pambali pake, ndipo akhalepo mpaka chonse chitalowa. Chachitatu, tione chithunzi cha chomangira, cha kabokosi ndi chivindikiro chake, ndi cha DB yotsegula yoonetsa earth leakage ya ma milliamp 30. Chachinayi, nambala ya ma ohm ilembedwe papepala pamodzi ndi tsiku loyezera ndi dzina la woyeza, ndipo pepalalo lisungidwe limodzi ndi makalata a malo. Pomaliza, amene akukhala m'nyumbamo asonyezedwe pamene pali chitsulo ndi batani la test, kuti asakumbepo ndiponso adziwe chochita.

Mmisiri wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa, amasangalala kuti wapeza bwana wodziwa kuyamikira ntchito yosaoneka. Amene akwiye nawo watiuza kale zimene timafuna kudziwa. Tsoka silinunkha, abale. Nyumba zimene tikuvutikira kuno tikumangira anthu amoyo, choncho pa mndandanda wa zogula wa mwezi uno, pakati pa penti ndi makatani, tilembepo chitsulo cha earth, chomangira chake, kabokosi kake ndi tsiku loyeza.